Tinawawerenga M'dzinja

Njerwa ija anaitsitsa pamwamba pa lipoti langa, fumbi lofiira n'kumwazika pachikuto chonse.

"Inunkhizeni, alamu," anatero. "Imeneyo ndi imene mwati ikutentha dziko."

Anali alongo ake a malemu mkazi wanga, munthu wootcha njerwa chiyambire unyamata wawo. Kumbuyo kwawo kunaima mlonda wa pachipata, akupepesa ndi maso kuti walephera kuwaletsa. Ndinamukodola mlondayo kuti abwerere, kenaka ndinatseka chitseko.

"Khalani pansi. Ndikupatseni madzi?"

"Ndikakhala ndidetsa mpando wa bungwe."

Ndinkagwira ntchito m'bungwe lofufuza za kusintha kwa nyengo. Ntchito yathu inali kulangiza boma njira zotukulira dziko losauka ngati lathu popanda kuchulukitsa utsi umene ukutenthetsa mlengalenga. Lipoti limene linali pansi pa njerwayo tinalilemba zaka ziwiri, ine ndikutsogolera. Mfundo yake yaikulu inali yakuti mauvuni ootcha njerwa ndi nkhuni aletsedwe pakatha chaka chimodzi, ndipo m'malo mwake mubwere makina opanikiza dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, njerwa zosafuna moto. M'mawa mwake, teni koloko, ndinayenera kukalifotokoza pamaso pa komiti ya ku unduna. Komitiyo ikangovomera, lamulo linali panjira.

"Ndamva pa wailesi," alamu anapitiriza. "Akuti anthu odya za njerwa dziko lonse lino ndi zikwi zitatu, ndipo onsewo muwaphunzitsa ntchito zina. Zikwi zitatu! Kudambo kwathu kokha, chilimwe chikafika, mungaponye mwala osagenda munthu?"

"Sitinalote nambalayo, alamu. Tinatumiza anthu kukawerenga, uvuni ndi uvuni, m'zigawo zonse."

"Ndinawaona anthu anuwo. Atsikana awiri ndi bambo wina wa magalasi, onse majombo atsopano. Galimoto yawo inatitimira, ndinakankha nawo ndine. Anandipeza ine ndi galu wanga. Akuti, 'Pano mumagwira ntchito anthu angati?' Ndikuti, 'Lero? Ine ndi uyu.' Analemba mmodzi. Galuyo anamusiya, kaya poti alibe chiphaso."

Ndinafuna kuseka, koma mawu amodzi anandikola.

"Mwati inatitimira?"

"M'matope, eya. Mvula ili pakati. Ndani amaumba njerwa m'dzinja, alamu? Anthu amakhala ali kuminda. Mwakhala ndi mlongo wanga zaka makumi awiri ndi zitatu, sanakuuzeniko zimenezi?"

Ndinayamba kulankhula za mapiri amene atsala mbee, za mitsinje yophwa chaka chisanafike pakati, za mitengo makumi angapo imene uvuni umodzi umameza kuti nyumba imodzi iime. Zonsezo zinali zoona, ndipo ndimazikhulupirirabe. Koma ndinkadzimva ndekha kuti ndikulankhula ngati wailesi.

Alamu anandilola kuti ndimalize.

"Ndikudziwa chimene chikukuwawani," anatero, mawu atatsika. "Mukuti utsi wa kwathu ndi umene unadya mapapo a mlongo wanga. Mwina n'zoona. Ine sindine dokotala. Koma maliro sabwezera kwa amoyo, alamu."

Mkazi wanga anakulira pa uvuni wa bambo ake. Matenda amene anamutenga madokotala anawapatsa dzina lalitali, koma tsiku lina atamufunsa ngati anasutapo fodya, iye anaseka mpaka kutsokomola, nati, "Fodya ayi. Ine ndinasuta mitengo yathunthu." Sindinauzepo munthu kuti mawu amenewo anali m'mutu mwanga pa tsamba lililonse la lipotilo.

"Njerwa yanu," ndinatero alamu atagwira chitseko.

"Isungeni. Ndaitola pamulu wakale wa bambo."

Atachoka ndinakhala kaye ndikuiyang'ana. Inali yakale ndithu, yakupsa bwino, ya timaenje tiwiri pakona imodzi. Kenaka ndinakagogoda kwa Masamu.

Masamu linali dzina limene tinamupatsa mayi wachitsikana amene ankayendetsa ziwerengero zathu zonse pa kompyuta. Analowa ntchito kalembera wa kumauvuni atachitika kale, choncho iye analandira manambala ali m'mizere yoyera, opanda thope.

"Mafomu enieni aja ali kuti? Apepala."

"Kuchipinda chosungira katundu, bambo. Bwanji, mwawasowa? Anthu amasowa abale, inu mukusowa mafomu."

"M'kompyuta mwanumo muli madeti?"

Anayang'ana. "Mzere wa madeti mulibe. Amene ankalowetsa ayenera kuti anausiya, poti sulowa m'masamu aliwonse."

Makatoni tinawapeza pansi pa mipando yothyoka, pafupi ndi makina osindikizira amene anafa kalekale. Nditangotsegula loyamba ndinadziwa. Mapepala anali okwinyika ngati chinthu chimene chinanyowa n'kuuma, inki itayenderera m'mbali. Masamu ankatulutsa mtolo, n'kuwerenga deti mokweza, n'kuuika pansi. Mtolo wachisanu anauwerenga motsitsa. Wachikhumi sanauwerenge n'komwe. Onse anali a pakati pa dzinja.

M'ofesi mwathu chaka sitichiwerenga ndi mvula. Timachiwerenga ndi malipoti, anayi pachaka. Chilolezo cha kalembera chinachedwa kutuluka, gawo la ntchito linali kutha, wina anaona malo opanda kanthu pa kalendala n'kulembapo kuti anthu anyamuke. Palibe amene anasuzumira pawindo.

Pachikuto cha mtolo uliwonse panali siginecha ya wovomereza. Inali yanga, yopendekeka pang'ono, poti ndinkasainira pabondo. Ndinakumbukira dalaivala akundibweretsera mitoloyo kuchipatala, ine ndili pabenchi kunja kwa wodi imene mkazi wanga anagonekedwa, mvula ikuwomba malata mwakuti tinkachita kukuwirana. Mvulayo ndinkaimva. Ndinkaimva bwino lomwe.

"Bambo," Masamu anatero, atakhala pa katoni, akulemba pachikhatho, "ngati m'chilimwe pamakhala oponda dothi, oumba, otunga madzi, onyamula, osonkhezera moto, tinene khumi pa mmodzi aliyense amene tinamupeza, ndiye kuti ndi zikwi makumi atatu. Mwina kuposa."

"Utsi bwanji?"

"Utsi uli bwino. Tinauwerengera pa zithunzi za m'mlengalenga ndi kuchuluka kwa nkhuni. Cholakwika ndi anthu okha."

Abwana, mkulu wa bungwe lathu, ndinaphunzira nawo kalasi imodzi ku yunivesite. Anamvetsera nkhani yonse ataima pawindo, manja m'matumba.

"Akudziwa ndani?"

"Ine, Masamu, ndi alamu anga."

"Alamu ako sakhala m'komiti." Anatembenuka. "Mnzanga, tamvera. Mayi wapampando wa komiti uja akupuma ntchito mwezi wamawa, ndipo amene akubwera m'malo mwake sakonda kumva za mitengo. Mlendo wa bungwe lopereka makina wanena poyera kuti akapanda kumva chigamulo sabata ino, makinawo apita dziko lina. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tikaphonya mawa, tidikira zaka zisanu, ndipo mapiri otsalawo sadikira nafe."

"Ndondomeko yophunzitsa anthu ntchito zina tinaikonzera zikwi zitatu. Enawo adzadzuka tsiku lina uvuni utatsekedwa, dzina lawo palibe paliponse."

"Tidzakonza lamulo litadutsa. Tiika timawu m'munsi mwa tsamba, kuti nambalayi idzaunikidwanso."

"Timawu ta m'munsi amawerenga ndani?"

"Iwe ndi ine. N'chifukwa chake timakhala m'munsi." Anaseka pang'ono, kusekako n'kuthera panjira. "Ukakanena mawa, amalori a nkhuni akatinyamula pamutu. Adzati ngati analephera kuwerenga anthu ooneka ndi maso, utsi anauwerenga bwanji? Ndipo funso loyamba lidzakhala lakuti anasaina ndani. Ine ndinali pamaliro, ndikudziwa chimene unali kudutsamo. Iwo sakudziwa, ndipo sadzafuna kudziwa."

Ndinati ndamva. Ndi mawu amene ndimanena ndikakhala kuti sindikudziwa chimene ndichite.

Poweruka ndinaika njerwa ija m'chikwama, sindikudziwa chifukwa chake. Kunyumba ndinathirira maluwa amene mkazi wanga anasiya m'zitini pakhonde, ndinasita malaya oyera, ndinawerenganso mawu anga kawiri. Tsamba la khumi ndi chinayi, pamene panali nambala ija, ndinalisiya monga linalili.

Chipinda cha komiti chinali chozizira ndi makina, tebulo lalitali, botolo la madzi patsogolo pa aliyense. Kumutu kunakhala mayi wapampando, wa imvi zochepa ndi pensulo imene ankagogoda nayo patebulo wina akatalikitsa. Kumanja kwake kunali mlendo wa makina ndi kope lake lotsegula. Kumapeto kunakhala nthumwi ya amalori a nkhuni, bambo wonenepa amene anabwera atapinda kale manja. Abwana anali pambali panga, Masamu kumbuyo, akusintha zithunzi pakhoma ndikamugwedezera mutu. Chikwama ndinachiika pansi, chitatsamira mwendo wanga.

Zinayenda bwino. Mapiri akale ndi mapiri a lero. Mzere wa utsi ukukwera, mzere wina ukutsika tikasintha njira. Nyumba yoyesera imene tinamanga ndi njerwa zopanikiza, itapirira madzinja awiri osang'aluka. Pensulo sinagogode. Mlendo ankalemba akugwedeza mutu. Wa malori anayesa kufunsa za kukwera kwa simenti, ndinamuyankha.

Kenaka pakhoma panabwera nambala ija, yaikulu, yobiriwira, timawu ta abwana tili m'munsi mwake ngati nyerere.

"Zikwi zitatu," anatero mayi wapampando. "Ndinkaopa kuti achuluka. Amenewa tingawakwanitse. Pitirizani."

Palibe anafunsa. Ichi ndi chimene ndimakumbukira kwambiri. Khomo linali lotsegula, ndinangoyenera kugwedeza mutu kuti Masamu asinthe chithunzi. Ndinamva chala chake chikudikira. Ndinamva abwana akupuma. Ndinamvanso kona ya njerwa ikundikanda pakakolo kudzera m'chikwama.

"Amayi," ndinatero, "nambala imeneyo ndi yolakwika."

Pensulo inaima m'mwamba.

"Tinawerenga anthuwo m'dzinja, mauvuni atazima, eni ake ali kuminda. Tinapeza alonda okha. Tikuganiza kuti nambala yeniyeni ndi zikwi makumi atatu, kapena kuposa. Tazindikira dzulo masana."

Kenaka wa malori anatambasula manja ake, kuseka kukuyambira m'mimba.

"M'dzinja! Madokotala athunthu! Mwana wanga wa sitandade thuu akanakuuzani. Mawa mukawerenga ana asukulu pa holide?"

Ena anaseka nawo. Mayi wapampando sanaseke.

"Anavomereza kalembera ameneyu ndani?"

"Panali zovuta za nthawi, amayi," abwana anayamba, "ndipo mnzathuyu nthawi imeneyo anali ndi..."

"Ndine," ndinawadula. Sindinafune kuti dzina la mkazi wanga liikidwe patebulo limenelo pakati pa mabotolo a madzi. "Ndinasaina ndine, mtolo uliwonse."

"Ndiye mukutiuza kuti lipoti lanu tilitaye?"

"Ayi, amayi. Mauvuni a nkhuni ayenera kutha, ndipo ndidzanena zomwezi chaka chamawa. Utsi tinauwerenga bwino. Anthu ndi amene tinawaphonya. Mukadutsitsa lamuloli lero, pa anthu khumi alionse, asanu ndi anayi adzatsala panja, ndipo sadzakhala ndi kodandaula, chifukwa m'mabuku mwanu mulibe."

Mayiyo anali ndi mwezi umodzi wotsala pa mpandowo, ndipo ndikuganiza kuti lamulo limeneli ankafuna kuti likhale lomaliza kulisiya. Ndinaona akulimeza.

"Mukanandiuza mwezi watha," anatero pang'onopang'ono. Kenaka anagogoda pensulo kamodzi. "Nkhaniyi taiimitsa. Mukawerengenso m'chilimwe. Ndipo bambo, ulendo uno mupite nokha, ndi mapazi anu."

Mlendo anatseka kope lake, nabweza cholembera m'thumba la jekete. Phokoso lake linali laling'ono, koma tonse tinalimva.

Tinabwerera pa galimoto imodzi ndi abwana mpaka pachipata. "Ugona bwino tsopano?" anandifunsa potsika. Sabata yotsatira utsogoleri wa lipoti unapatsidwa kwa wina. Makina aja anapita kumene anapita. Sindinatsutse chilichonse. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Kudambo kwa alamu ndinafikako chilimwe chili pachimake, ine ndi Masamu, mafomu atsopano m'manja. Sindinalizindikire. Malo onse anali anthu. Amuna m'maenje, dothi mpaka m'mawondo. Amayi pamzere ndi zidebe pamutu. Zikombole zikumenyedwa pansi, phwa, phwa, njerwa zaziwisi zitayalidwa mpaka kumene diso limathera. Mauvuni atatu ankafuka nthawi imodzi, ndipo utsi wake unandigwira pakhosi ndisanatseke chitseko cha galimoto.

"Afika owerenga!" alamu anakuwa ali pamwamba pa uvuni wosamaliza. "Imani bwino nonse, musayendeyende, angakuphonyeni! Wina amugwire galuyo, ulendo uno alembedwe!"

Pofika masana tinali titalemba anthu makumi asanu ndi limodzi mphambu zitatu, pamalo pomwe paja tinalemba mmodzi. Tili mkati molemba, lori inalowa itadzaza mitengo yaiwisi, ina yaikulu yosakumbatirika, utomoni ukuchuchabe podulidwa. Masamu anaiyang'ana, n'kundiyang'ana ine. Tonse tinkadziwa kuti chaka chamawa idzabweranso, ndi chaka chinacho, ndipo kuti mbali ina ya mitengo imeneyo ndinaidula ndine, m'chipinda chozizira chija.

Alamu anatsika, nakhala nane pamulu wa njerwa zosweka.

"Ndiye mukamaliza kutiwerenga, mudzatitsekabe?"

"Inde."

"Hm." Analavula fumbi. "Koma ndinu munthu wovuta, alamu. Ndinkamuuza mlongo wanga."

"Ankandiuza."

Ndinatsegula chikwama, ndinatulutsa njerwa ija. Inali itakhala patebulo langa miyezi yonseyo ikupsinja mapepala.

"Ndakubweretserani katundu wanu."

Sanailandire. Anangoitembenuza ili m'manja mwanga, naloza timaenje tiwiri ta pakona paja. Ndinali nditationa kambirimbiri, ndinkayesa chilema cha chikombole.

"Bambo ankafuna kudziwa waulesi ndani pakati pa ana awo," anatero. "Aliyense anali ndi chizindikiro chake, timadinda njerwa ikadali yaiwisi. Ine mtanda. Wachiwiri wathu chala chachikulu. Zala ziwiri n'za mkazi wanu. Anali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ankaumba mazana atatu patsiku, kutiposa tonse. Nayenso palibe anamulembapo pa fomu."

Wina anawaitana kuuvuni, moto unkafuna nkhuni. Anadzuka, nandisiya.

Ndinayesa kuika zala zanga m'timaenjemo, cholozera ndi chapakati. Sizinalowe. Chinalowa ndi chakumapeto chokha, nsonga yake basi. Mphepo inatembenuka, utsi wonse n'kubwera mbali yanga, ndipo Masamu ankandiitana kuti kwafika amayi ena asanu ndi awiri otunga madzi amene sitinawalembe. Ndinati ndikubwera. Ndinakhalabe pomwepo pang'ono, chala chili m'njerwa, maso akundiwawa ndi utsi.